Ndikaima pa mpira manja amauma, inu mumatani musanamenye?

Wofunsa:
Akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu osewera gofu, ndigawireniko nzeru. Ndine mayi wa zaka 43, ndimakhala ku Katoto kuno ku Mzuzu. Gofu ndinayamba chaka chatha adokotala atandilangiza kuti ndiziyendayenda chifukwa cha BP, ndipo masewerawa andilowa m'magazi. Ndimapita Lachitatu ndikaweruka ndi Loweruka m'mawa.

Vuto langa nali. Ndikamayeserera ndekha, ndodo ya iron ya 7 imandimvera ndithu. Pa mipira 10, 7 kapena 8 imauluka bwinobwino kulunjika komwe ndaloza. Koma ndikangofika pa tee yoyamba, malo oyambira kumenya, anthu ataima kumbuyo kudikira, zonse zimabalalika. Ndimawerama n'kuyamba kukumbukira chilichonse chimene anandiphunzitsa: mutu usadzuke, mkono wamanzere usapindike, mawondo, chiuno, chala chachikulu chakhala pati. Ndodo ndimaigwira, kuitaya pang'ono, kuigwiranso. Loweruka lapitali mnzanga anandiwerengera chamumtima, akuti ndinatha pafupifupi mphindi yathunthu nditawerama. Kenako ndinamenya mpira pamutu, unangogubuduka mamita 30 n'kukaima mu udzu wonyowa. Palibe anaseka, koma mtima unandiwawa mpaka madzulo.

Bambo wina amene tinali naye anangoti, "Mayi, swing (kamenyedwe) muli nayo, chimene mulibe ndi routine." Ndinachita manyazi kufunsa pagulu kuti akutanthauza chiyani kwenikweni. Pakatha masabata atatu ndikulowa mpikisano wanga woyamba, ndiye ndikufunsa kuno: inu mumachita chiyani kuyambira pamene mwafika pa mpira mpaka pamene mwamenya? Mumayeserera kangati? Nanga maganizo aja mumawatontholetsa bwanji?

Caddie wakale, Chibavi:
Madamu, ine ndanyamula zikwama zaka zambiri, ndipo caddie amaona zimene wosewera sadziona. Munthu akawerama nthawi yaitali timadziwiratu kuti tikukafuna mpira kutchire. Manja akakhala phee pa ndodo amalimba, mapewa amakwera, ndiye ndodo siyendanso mwaufulu.

Chitani chonchi. Imani kumbuyo kwa mpira mapazi atatu, mpira ukhale pakati pa inu ndi komwe mukufuna upite. Zoganiza zonse zithere pamenepo: ndodo iti, mphepo ikuchokera kuti, ndikuloza mtengo uti. Osati "pa fairway" (njira ya udzu wometa yopita ku bowo) chabe, sankhani mtengo umodzi kapena nthambi imodzi. Mukatero yang'anani kanthu kamene kali pansi patsogolo pa mpira, sitepe imodzi basi, kaya tsamba, kaya ka tee (kamtengo koikapo mpira) kothyoka, kamene kali pamzere wa mtengo uja. Mukapita pa mpira, yambani kuika nkhope ya ndodo kuloza katsambako, mapazi abwere pambuyo. Ambiri amayamba mapazi, ndiye amadabwa mpira ukupita kumanja. Yang'anani mtengo kamodzi, kawiri, bwererani pa mpira, menyani.

Chinanso cha kuno kwathu. M'mawa wa June ndi July kumazizira ndipo mame amachedwa kuuma. Mpira suuluka patali ngati mu October, komanso sugubuduka ukatera. Ndiye tengani ndodo yotalikirapo, ndipo mupukute chogwirira ndi thaulo muli kumbuyo komweko. Mukakumbukira kuti chogwirira chikuterera mutawerama kale, mwayambanso kuganiza pamalo olakwika.

Mphunzitsi wa masewera, Luwinga:
Asisi, kusukulu munasewerako ntchemberembaye?

Wofunsa:
Eya aphunzitsi, ndinali woponya ku sekondale zaka zinayi.

Mphunzitsi wa masewera, Luwinga:
Ndiye mukuidziwa kale nkhaniyi. Pansi pa goli paja lamulo limakupatsani masekondi atatu okha mpira uli m'manja. Munalibe nthawi yofunsa kuti chigongono chili pati. Munkaponda, kuyang'ana mkombero, kupinda mawondo, kuponya, ndipo munkachita chimodzimodzi kaya bwalo ladzaza kaya muli nokha. Gofu imavuta chifukwa mpira wake suthawa ndipo palibe akukulandani. Nthawi imachuluka, mutu n'kupeza mpata wolowerera ntchito ya thupi. Routine ija ndi njira yodzipatsira nokha masekondi atatu amene masewerawa sakupatsani. Ine ana anga ndimawauza kuti atulutse mpweya wonse asanaponye. Yesani: mpweya umodzi wautali muli kumbuyo kwa mpira, mapewa agwe, kenako nyamukani.

Mkulu wa handicap 9:
Mayi, a caddie akuuzani zoona. Katsamba kamene akunenako ndi njira imene Jack Nicklaus, mwini zikho zikuluzikulu 18, ankagwiritsa ntchito nthawi zonse, chifukwa kuloza chinthu chapafupi n'kosavuta kusiyana ndi mbendera ya pa bowo ili mamita 150. Annika Sörenstam, amene anamaliza mabowo 18 pomenya ka 59 kokha mu 2001, ankagawa malo pawiri ndi mzere wa m'maganizo: kumbuyo kwa mzere n'koganizira, kutsogolo n'komenyera. Akadutsa mzerewo sankatenganso nthawi. Ngati chikaiko chamugwira, ankabwerera kumbuyo n'kuyambiranso.

Poti mukulowa mpikisano, mudziwenso malamulo okhudza zimenezi. Malamulo a mabungwe oyendetsa gofu a R&A ndi USGA amene anayamba kugwira ntchito mu 2019 amalimbikitsa kuti nthawi yanu ikakwana mumenye pasanathe masekondi 40, ndipo kawirikawiri muzifulumirapo kuposa apo. Katsamba kaja kakhale kamene mwakapeza pomwepo. Simuloledwa kuika chinthu pansi, ngakhale kugoneka ndodo, kuti ikuthandizeni kuloza. Caddie wanunso asaime kumbuyo kwanu pamzere wa mpira mukayamba kuponda malo omenyera, apatuke. Poyeserera samalani: mukakhudza mpira mwangozi pa fairway n'kusuntha, ndi chilango cha stroke imodzi (amakuwonjezerani kumenya kumodzi) ndipo muubwezere pamalo pake. Pa tee musanayambe bowo palibe chilango, mungouikanso. Mu bunker (dzenje la mchenga) ndodo isakhudze mchenga poyeserera.

Bambo wa ku Area 47:
Ine ndisiyana nanu pang'ono akuluakulu. Munthu wa chaka chimodzi vuto lake ndi swing, osati miyambo ya asanamenye. Mayiwa apeze wowaphunzitsa, amenye mipira yambiri, zinazi zidzabwera zokha. Tisawasenzetse katundu wina pamwamba pa mutu, mawondo ndi chiuno zimene akuziganiza kale.

Mkulu wa handicap 9:
Achimwene, werenganinso zimene mayiwa alemba. Akakhala okha mipira 7 kapena 8 pa 10 ikuuluka. Swing yomweyo ndi imene ikusowa pa tee yoyamba, ndiye chasintha si mkono, ndi mphindi ija asanamenye. Ndipo zimenezi sizisankha woyamba kumene. Mu mpikisano wa US Open wa 2002 ku Bethpage, ku America, Sergio García ankagwira ndi kugwiranso ndodo kambirimbiri mpaka oonerera anayamba kumuwerengera mokweza. Ameneyo swing anali nayo ya dziko lonse. Mfundo yanu yoti tisawachulukitsire zinthu ndiye ndikuivomereza. Routine yabwino imachotsa katundu. Mayi, pa zinthu zisanu zija sankhani chimodzi chokha choti mupite nacho pa mpira, zinazo muzisiye kochitira practice.

Mayi mnzanu, Mchengautuwa:
Asisi, inenso ndinadutsa momwemo, ndipo chaka changa choyamba ndinkapempha kuti ndizimenya pomaliza kuti anthu achepe. Sizinathandize, kudikirako kunkangowonjezera mantha. Chimene chinandithandiza ndi mawu awiri amene ndimanena chamumtima: "pita" ndodo ikamakwera, "bwera" ikamatsika. Pakamwa pakakhala mawu, mutu sulankhula zina.

Za kuyeserera, ine ndimachita kawiri. Kamodzi sindimva bwino kulemera kwa ndodo, makamaka kukazizira nditavala juzi.

Caddie wakale, Chibavi:
Kawiri si mlandu madamu, bola kakhale kawiri nthawi zonse, ndipo kachitikire kumbuyo kapena pambali, osati mutaponda kale. Amene amandidetsa nkhawa ndi uja amayeserera kamodzi pa bowo loyamba, pofika pamene pali madzi kapena mitengo yothinana wayeserera kasanu. Ameneyo sakuyesereranso, akuzengereza chifukwa cha mantha. Komanso muwerengere: ngati mumamaliza mabowo 18 ndi ma stroke 100, kuyeserera katatu paliponse kukutopetsani musanafike kumapeto.

Mphunzitsi wa masewera, Luwinga:
Ndiwonjezere chimodzi chimene ambiri amalakwitsa. Routine siyambira pa mpikisano. Ngati Lachitatu mumangokoka mpira, kumenya, kukoka wina, kumenya, ndiye mukuphunzira masewera ena osiyana ndi a Loweruka, pamene mpira uliwonse umabwera kamodzi kokha. M'masabata atatuwa menyani mipira 20 m'malo mwa 60, koma uliwonse muuyambire kumbuyo, musinthe ndodo, musinthe mtengo woloza. Mnzanu uja akujambuleni pa foni muone masekondi. Muzimupemphanso kuti azikusokonezani dala. Bambo ake a Tiger Woods ankagwedeza makobidi m'thumba ndi kugwetsa chikwama mwana wawo ali pakati pomenya, kuti azolowere phokoso. Galimoto ikaliza hutala kapena wina akatsokomola mutawerama, dzukani, bwererani kumbuyo, yambiraninso. Palibe amene adzakudandaulireni pa zimenezo.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga kawiri. Za ntchemberembaye zija zandifika pamtima aphunzitsi, chifukwa ndikukumbukira kuti pansi pa goli sindinkamva n'komwe anthu akukuwa. Ndalemba pakapepala: kumbuyo, mtengo, tsamba, kuyeserera kamodzi, mpweya, nkhope ya ndodo, mapazi, kuyang'ana kawiri, kumenya. Mawu opita nawo pa mpira ndasankha "pang'onopang'ono", poti ndikachita mantha ndimakweza ndodo mothamanga. A ku Area 47, wondiphunzitsa sindimusiya, ndizipitabe.

Funso lomaliza kwa a caddie: pa green (udzu wosalala wozungulira bowo) ndichitenso zomwezi, kapena putter (ndodo yogubuduzira mpira ku bowo) ili ndi zake?

Caddie wakale, Chibavi:
Zomwezo madamu, kungofupikitsa. Kupendekeka kwa green muziwerenga anzanu akamamenya, osadikira nthawi yanu. Ikakwana, yesererani maso ali pa bowo osati pa mpira, kuti dzanja limve mtunda. Kukakhala mame, onani mzere umene mpira wa mnzanu wasiya pa udzu, ukuuzani komwe green ikukhotera, ndipo mumenye molimbirako pang'ono. Lachitatu yambirani pa ma putt a mita imodzi.