Aphunzitsi akukana kutsegula linki ya kafukufuku wathu: tithandizane nzeru

Woyang'anira gulu, Matawale:
Akuluakulu nonse, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa mtendere sabata ino. Tikuyendetsa kafukufuku wa pa intaneti pakati pa aphunzitsi a pulayimale m'boma lino la Zomba. Timawatumizira linki pa WhatsApp, amayankha mafunso pa foni zawo kwa mphindi pafupifupi 40, ndipo womaliza amalandira K5,000 pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Poyamba zinkayenda bwino, koma tsopano aphunzitsi a ku Chingale ndi ku Mayaka ayamba kuuzana kuti asatsegule linkiyo, ndipo wina anandiimbira atakwiya kunena kuti tinamudyera bandulo yake pachabe, chifukwa atayankha mafunso ambirimbiri fomu inamuuza kuti sali m'gulu la anthu amene tikuwafuna. Ena akuti netiweki ikaduka zonse zimafufutika, ndipo ena anamaliza masabata atatu apitawo koma ndalama sanaione. Ndiyambire pati kuti anthuwa atikhulupirirenso?

Wofunsa mafunso, Chinamwali:
Achimwene, musanayambe kukonza fomu, mvetsani kaye kuti mphunzitsi uja sanakwiye chifukwa cha K5,000. Ineyo chaka chatha, ntchito za kumudzi zitasowa, ndinalembetsa kuti ndiziyankha kafukufuku wolipira wa pa intaneti, ndipo tsiku lina ndinakhala usiku, magetsi atazima, ndikuyankha za zakudya za pabanja panga, za ngongole zanga, ngakhale za matenda a mwana wanga, mpaka foni inatsala pang'ono kuzima. Nditafika chakumapeto anandithokoza n'kundiuza kuti anthu a msinkhu wanga akwana kale. Zaka zanga ndinali nditazilemba pa tsamba loyamba lenilenilo. Chimene chinandipweteka n'chakuti mayankho anga anatsala m'manja mwawo, ine n'kutsala wopanda kanthu, ndipo panalibe munthu woti ndimuimbire. Choncho mafunso osankhira anthu aikeni koyambirira, asapitirire atatu kapena anayi, ndipo amene sakuyenera amve zimenezo mphindi ziwiri zisanathe. Kungakhale bwino koposa kuwasankha ndi foni yaifupi musanatumize linki n'komwe, kuti aliyense wolandira linki akhale woti adzalipidwa.

Woona za makompyuta, Chikanda:
Ndikugwirizana ndi achemwali, ndipo ndifunse: fomuyo ili pa pulogalamu yanji? Ngati ndi KoboToolbox, pali njira yotumizira linki imene imalola fomu kugwira ntchito ngakhale netiweki palibe. Munthu akaitsegula kamodzi pamalo pamene pali netiweki, akhoza kuyankha ali kunyumba, kusunga zimene walemba n'kudzapitiriza mawa, ndipo mayankho amadikira m'foni mpaka netiweki itabwera. Muwachenjeze kokha kuti asafufute zosungidwa za mu browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) asanatumize, chifukwa mayankho amakhala mmenemo, ndipo anthu ambiri amakonda kufufuta zimenezi foni ikadzaza. Onaninso ngati fomu ili ndi zithunzi zikuluzikulu kapena kanema, popeza zimenezo n'zimene zimamaliza bandulo.

Woyang'anira gulu, Matawale:
Ili pa Kobo ndithu, koma linki imene tinapatsidwa ndi yofuna netiweki nthawi yonse. Ndiyankhula nawo eni kafukufuku mawa. Nanga za malipiro? Pa mndandanda wanga pali anthu amene ofesi inawakana, ati ndi munthu mmodzi woyankha kawiri.

Wosunga ndalama za mapulojekiti, Sadzi:
Bambo, pamenepo ndiye pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndaona anthu osalakwa akutchedwa akuba. Kuyambira pamene manambala a foni anayamba kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, dzina limene limatuluka potumiza ndalama ndi la mwini chiphaso, ndipo kumudzi si zachilendo kuti mayi agwiritse ntchito nambala yolembetsedwa m'dzina la mwamuna wake, kapena kuti aphunzitsi awiri a pasukulu imodzi abwerekane foni imodzi yamakono. Munthu amene wakhala pa kompyuta kutali akaona mayankho awiri ochokera pa foni imodzi, kapena dzina losiyana ndi limene lili pa fomu, amangodula mzere, pamene ife tikudziwa kuti ndi mmene anthu athu amakhalira. Mupatseni mphunzitsi aliyense nambala yakeyake yachinsinsi yoti alembe pa fomu, ndipo muwonjezere funso lakuti ndalama ikatumizidwa pa nambala imeneyi patuluka dzina la ndani. Mukatero mkangano watha usanayambe.

Za kuchedwa, musadikire kuti kafukufuku yense athe. Tsekani mndandanda Lachinayi lililonse, lipirani Lachisanu, ndipo tsikulo lilembedwe mu uthenga woyamba umene mphunzitsi amalandira. Muikeponso ndalama yotapira, chifukwa amene mwamulonjeza K5,000 akapita kwa ejenti pa Jali kapena pa Thondwe n'kubwerako ndi yoperewera, amaona kuti mwamunamiza. Ndifunsenso kuti bajetiyo inalembedwa liti. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pali mapulojekiti amene mpaka lero akulipira mitengo imene inagwirizanidwa zimenezi zisanachitike.

Wofunsa mafunso, Chinamwali:
Ndiwonjezere pa mawu a mayiwa kuti bandulo ikhale yapadera ndipo itsogole. Si chilungamo kuti munthu agule yekha mayunitsi kuti atigwirire ntchito, kenako tiziwerengera ndalama yomweyo ngati yomuthokoza.

Mphunzitsi wa za kafukufuku, Chirunga:
Maganizo onsewa ndi abwino, koma mwana wanga, usasinthe kanthu pa malipiro kapena pa mawu a fomu yovomereza kutenga nawo mbali usanabwerere ku komiti imene inavomereza kafukufukuyu, kaya ndi UNIMAREC ya pa Yunivesite ya Malawi pompano, kaya ndi komiti ya sayansi ya za chikhalidwe cha anthu ya ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, ku Lilongwe. Kusintha ndalama, nthawi yolipira kapena njira yosankhira anthu kumafuna kalata yopempha chilolezo, ndipo amene amalemba kalatayo ndi mkulu wa kafukufuku, osati iwe. Nkhani ya malipiro si yachilendo kwa makomitiwa. Mu 2017 komiti ya kafukufuku wa zaumoyo, NHSRC, inaika madola 10 a ku America pa ulendo uliwonse wa wotenga mbali, ndipo akatswiri anatsutsana kwambiri ngati ndalamayo ikubwezera munthu nthawi yake kapena ikumukopa kuti avomere zimene sakanavomera. Lamulo limenelo linali la zaumoyo, koma funso lake likukukhudza: fomu yako yovomereza ikunena chiyani za munthu amene wayamba koma sanamalize? Ngati ili chete, pempha kuti aliyense amene wadutsa mafunso osankhira alandire kangachepe ngakhale atalekezera pakati, popeza tinamuuza tokha kuti ali ndi ufulu wosiya nthawi ina iliyonse.

Chinanso, pofuna kutsimikiza mayina usalole kuti anyamata ako azitolera zithunzi za ziphaso pa WhatsApp. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene MACRA ikuyang'anira, ndipo manambala a foni pamodzi ndi mayina ayenera kusungidwa padera, kutali ndi mayankho.

Woyang'anira gulu, Matawale:
Zikomo kwambiri nonse. Ndayankhula ndi mkulu wa kafukufuku m'mawa uno, ndipo wavomera kuimitsa kutumiza linki mpaka kalata ya ku komiti itayankhidwa. Amene anamaliza kale alipidwa Lachisanu lino, kuphatikizapo aja anakanidwa, titawaimbira mmodzimmodzi kuti titsimikize dzina la pa nambala. Kwa aphunzitsi a ku Chingale ndi ku Mayaka sinditumiza uthenga wa pa foni. Ndapempha kwa mlangizi wa sukulu wa m'deralo kuti andipatse mphindi zochepa pa msonkhano wawo wotsatira ku TDC (malo ochitira maphunziro ndi misonkhano ya aphunzitsi m'dera), ndikapepese pamaso ndi kuwaonetsa fomu yatsopanoyo. Achimwene a ku Chikanda, ngati muli ndi mpata Lachitatu masana, ndibwera ndi mafoni awiri akale kuti tiyese linkiyo titazimitsa data.

Woona za makompyuta, Chikanda:
Bwerani 2 koloko, ndipo foni imodzi ikhale yodzaza ngati za aphunzitsi athu, kuti tione ngati mayankho akusungikadi.