Timbalame tachilendo pamatope a damu la Lutembwe

Mayi Tembo, Kapata:
Abale okonda mbalame, Loweruka lapitali m'mamawa ndinali ku damu la Lutembwe, ndipo pamatope pomwe madzi aphwera ndinaona timbalame tiwiri totuwa timene sindinationepo m'miyezi yozizira ija. Koyamba kamagwedeza mchira osaleka, ndipo nditayandikira kanauluka motsika kwambiri, pafupifupi kukhudza madzi, mapiko akunjenjemera. Kachiwiri kanali ndi mawanga pamsana ndi miyendo yaitaliko. Kodi ndi timbalame tanji, nanga tachokera kuti mu Okutobala muno?

A Banda, Mfuwe:
Amayi, koyambako ndi common sandpiper, ndipo kugwedeza mchira pamodzi ndi kaulukidwe kameneko ndi umboni wokwanira. Kakatera mudzaonenso kuti kuyera kwa pamimba kumakwera pakati pa chifuwa ndi phiko. Kachiwiri ndikuganiza kuti ndi wood sandpiper, makamaka ngati kali ndi mzere woyera pamwamba pa diso ndiponso miyendo yachikasu yopita kobiriwira. Mbalamezi zimaswana kumpoto kwa Ulaya ndi ku Russia, ndipo kukayamba kuzizira kumeneko zimatsikira kuno kuyambira mu Ogasiti, kenaka zimabwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Pofika kuno nthenga zake zimakhala zitazilala, mitundu yambiri n'kumaoneka yofanana, choncho ine ndimayamba ndaona kayendedwe, kutalika kwa miyendo ndi kaumbidwe ka mlomo, mtundu wa nthenga pambuyo. Kuno ku Luangwa madzi akachepa chonchi zimadzaza pamchenga ndi m'mphepete mwa maiwe.

A Mwale, Katete:
Ndikugwirizana ndi a Banda, koma tichenjere kuti si mbalame iliyonse ya pamatope imene ili mlendo. Three-banded plover imakhala kwathu chaka chonse, ndipo imadziwika ndi mizere iwiri yakuda pachifuwa komanso kufiira kozungulira diso. Mukaona ina yokulirapo, yotuwa, ya mlomo wopindikira m'mwamba pang'ono, imene imalira katatu motsatizana ikamanyamuka, imeneyo ndi greenshank. Chonde musaziyandikire mpaka kuziulutsa kawirikawiri, chifukwa zafika zotopa ndipo zikufunika kudya.

Mayi Tembo, Kapata:
Zikomo kwambiri a Banda ndi a Mwale. Ndabwererako lero, ndinakhala chete patali, dzuwa lili kumsana. Mzere woyera pamwamba pa diso ulipodi, ndipo kamawanga kaja katauluka kanaonetsa kuyera kumbuyo, pamwamba pa mchira.