Pirates yayamba bwino, kodi ndisinthe tsiku la ulendo wa kumudzi?

Wofunsa (Pittsburgh): Abale anga a mu gulu lino, makamaka inu amene mumautsata mpira wa baseball, ndithandizeni nzeru. Kwathu ku Dedza tikuvundukula chiliza cha malemu bambo chaka chino cha 2023, ndipo abale andisiyira ine kuti ndisankhe tsiku, bola mvula isanayambe. Ndinali nditaloza sabata yoyamba ya October. Vuto ndi mnyamata wanga. Ndinamulonjeza kalekale kuti timu ya kuno ya Pirates ikadzalowa ma playoffs, magemu olimbirana chikho amene amayamba mu October, ndidzapita naye ku bwalo lake la PNC Park, ndipo ndinalonjeza mtima uli m'malo poti timuyi inalowako komaliza mu 2015, chaka chatha inaluza magemu 100. Pano April watha awina 20, aluza 9, ali pamwamba pa National League yonse, imodzi mwa mbali ziwiri za ligi yaikulu ya MLB. Katswiri wawo wakale McCutchen wabwerera, mwana sakugona. Kodi timu ikayamba chonchi ndiye kuti yalowa? Matikiti a ndege ndigule a October kapena ndidikire?

Wa ku Philadelphia: Achimwene, gulani matikiti. April sapereka chikho. Ife a Phillies chaka chatha June akuyamba tinali ndi 22 zowina, 29 zoluza, mpaka anachotsa kochi wathu Joe Girardi. Rob Thomson atatenga timu tinakafika ku World Series, ndime yomaliza ya chikho. Nationals mu 2019 inali pa 19 ndi 31 kumapeto kwa May, anthu atayitaya kale, ndiyo inatenga chikho. Braves ya 2021 inafika mu August isanakhaleko ndi zowina zoposa zoluza, nayonso chikho. Oyamba mopepera amadzuka, ndiye oyamba mothamanga angalephere kugwa?

Mphunzitsi wa ku Maryland: Ndikugwirizana nawo pang'ono chabe a ku Philadelphia. Matimu amene mwatchulawo timawakumbukira chifukwa ndi ochepa. Ambiri amene amayamba moipa amamalizanso moipa, palibe amawatchula.

Tiyeni tiwerengere. Sizoni ili ndi magemu 162, Pirates yasewera 29. Zili ngati Bullets kapena Noma itasewera magemu asanu pa 30 a Super League. Palibe angayambe kuvina. Koma zowina 20 zija zalowa m'thumba, palibe adzazilande. Atsala ndi magemu 133. Akangowina theka lake, amaliza ndi 86 kapena 87. Kuyambira 2022 kumalowa matimu 12 pa 30, asanu ndi limodzi mbali iliyonse, ndipo chaka chathachi Phillies inalowa ndi 87, Rays ndi 86. Ndiye mwanayo sakulota ayi.

Funso lenileni ndi lakuti, kodi timu imene inaluza 101 mu 2021 ndi 100 mu 2022 ingawine theka la magemu kwa miyezi isanu? Apa ndi pamene ndikukayika. Wosewera wawo wodalirika Oneil Cruz anathyoka kakolo pa 9 April ndipo sabwera msanga. Oponya mpira ambiri ndi achinyamata, mikono imatopa kukatentha mu July ndi August. Timu yopanda ndalama zambiri ikavulalitsa anthu awiri atatu, olowa m'malo amakhala ofooka. Ine ndikanati musamayang'ane zowina zokha. Muziyang'ana ma run (zigoli za baseball) amene akupeza poyerekeza ndi amene akupereka kwa adani. Timu yowina ndi run imodzi imodzi nthawi zambiri ndi mwayi, ndipo mwayi sukhala miyezi isanu ndi umodzi.

Mumuuzenso mnyamatayo za Brewers ya 1987. Inawina magemu 13 oyambirira osaluza, mu May n'kuluza 12 motsatizana. Ma playoffs inawaonera pa TV, ngakhale kuti nthawi imeneyo kunalibe wild card, malo a matimu amene amalowa osatenga division (gulu lawo).

Mayi wa ku South Bend: Koma abambo inu, chiliza cha bambo anu chidikire mpira? Amalume anu mukawauza kuti chiyani? Ine baseball sindiyidziwa, ndimangoona anthu ataima ndi ndodo maola atatu.

Wa ku Philadelphia: Mayi, chaka chino aika wotchi, gemu ikutha msanga. Yesaninso.

Wofunsa: Amayi, chiliza chichitika ndithu, tsikulo ndi limene ndili ndi ufulu wosankha. Kungoti mwanayu ndinamulonjeza, ndipo msinkhu umenewu saiwala.

Dalaivala wa ku Ohio: Pali chimene simunachitchule nonse. Sizoni itha pa 1 October, wild card iyamba pa 3. Magemu a wild card amakhala atatu, wowina awiri wadutsa, ndipo onse amaseweredwa pa bwalo la timu imene inamaliza pamwamba. Ndiye Pirates ikalowa mokwawa ndi 86 zanuzo, aphunzitsi, ikasewerera kwa eni ake, ndipo ikaluza kumeneko PNC Park siona gemu ndi imodzi yomwe. Kuti lonjezo likwanike pa tsiku limene mukuliopalo, afunika atenge division kapena akhale wild card woyamba. Cardinals yayamba moipa, 10 ndi 19, koma Brewers ili pakhosi pa Pirates.

Mphunzitsi wa ku Maryland: Mfundo imeneyo ndi yolemera kuposa yanga. Ndingowonjezera kuti kuno akuluakulu a mpirawu amati usayang'ane tebulo isanafike Memorial Day, chaka chino pa 29 May, pamene timu imakhala yasewera pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Chizindikiro china ndi pa 1 August, tsiku lomaliza losinthana osewera. Mabwana a timu akamagula ndiye kuti akukhulupirira, akamagulitsa mwadziwiratu. Koma tikiti ya ku Lilongwe simungayidikire mpaka August, mtengo udzakhala utakwera.

Mayi wa ku South Bend: Nanga September walakwa chiyani? Kulibe mvula, kutentha sikunafike poipa, ndipo mubwerera mpira wanuwo usanayambe.

Wofunsa: Zikomo nonse. Ndiimba foni kumudzi madzulo ano ndimve ngati amisiri angamalize pofika pakati pa September. Akakana ndigula a October, mnyamatayo ndipita naye ku gemu Loweruka lina mu May muno timu ikadali pamwamba. Aphunzitsi, za ma run zija ndingazione pati pa foni?

Mphunzitsi wa ku Maryland: Pa tebulo la MLB, mzere wolembedwa DIFF.