Kodi anthu wamba tingatengepo mbali bwanji pa mapulani a paki ya m'dera lathu?

Mayi wa ana atatu analemba:

Moni nonse. M'dera lomwe ndimakhala muli malo otseguka amene akuluakulu amati pa mapu a tauni anasiyidwa kuti akhale paki. Kwa zaka zambiri malowa akhala opanda mpanda, komabe ana amamenyerapo mpira akaweruka kusukulu, magulu a amayi a banki mkhonde amakumana pansi pa mitengo yake, ndipo mipingo ina imachitirapo misonkhano. Sabata yatha tinaona anthu akuyeza malowa ndi kukhoma zikhomo, ndipo titawafunsa anangoti kukubwera chitukuko. Ena akuti paki ikonzedwa ndi kumangidwa mpanda kotero kuti polowa tizilipira, pamene ena akuti mbali ina idulidwa mapuloti a masitolo. Ine sindikukana chitukuko, chifukwa malowa akufunikadi zimbudzi, mabenchi ndi magetsi, koma ndikufuna kudziwa njira yovomerezeka yoti tione pulaniyo ndi kupereka maganizo athu ntchito isanayambe.

Bambo wopuma pantchito ya boma anayankha:

Mayi, funso lanu ndi labwino ndipo malamulo ali kumbali yanu. Yambani ndi khansala wa wadi yanu, popeza ndi iye amene amakuyimirani pa zokambirana za khonsolo, koma musangoyankhula naye pamsewu. Mulembereni kalata, musayinepo anthu ambiri, ndipo kope lina mukapereke ku ofesi ya khonsolo kuti akadindepo tsiku lomwe alandira.

M'kalatamo mufunse ngati malowo akadali olembedwa kuti ndi paki pa pulani ya tauni. Malinga ndi lamulo la Physical Planning Act la 2016, munthu sangasinthe ntchito ya malo popanda chilolezo cha oona za mapulani, choncho ngati pali masitolo amene akubwera, payenera kukhala pempho lolembedwa lomwe linaperekedwa ndi yankho lake. Muli ndi ufulu wopempha zikalata zimenezo pogwiritsa ntchito lamulo la Access to Information, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, ndipo mukakanizidwa mukhoza kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, yomwe imayang'anira lamuloli. Ngati ntchitoyo ndi yaikulu moti ikhudza mitengo ndi mayendedwe a madzi, lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti pachitike kafukufuku wa momwe idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo bungwe la boma loteteza chilengedwe la Malawi Environment Protection Authority (MEPA) ndilo limavomereza lipoti lake.

Mnyamata wa timu ya mpira ya m'dera anayankha:

Ndikugwirizana ndi zimene anena bambowa, koma ndiwonjezere zomwe ndinaona kwathu, chifukwa msonkhano ukhoza kuchitika ndithu koma anthu osamvedwa. Ife anatiitana Lachiwiri m'mawa, nthawi imene amayi anali kumsika, abambo kuntchito ndipo ana kusukulu, moti amene anafika anali mabuloko lida ndi anthu ochepa a m'makomiti. Anationetsa chithunzi chokongola cha pulani yomalizidwa kale, anatifunsa ngati tili ndi mafunso, kenako aliyense analemba dzina lake papepala. Patapita nthawi tinamva kuti pepala lomwelo ndilo linali umboni wakuti anthu anavomereza. Kumeneko kunali kutiuza, sikunali kutifunsa.

N'chifukwa chake, mayi, musakhutire ndi lonjezo lakuti kudzakhala msonkhano. Pemphani kuti uchitike Loweruka masana pamalo omwewo a paki, mu Chichewa, ndiponso kuti pulani ikhomedwe poonekera masiku angapo tsikulo lisanafike kuti anthu aiwerenge modekha. Pemphaninso kuti zimene anthu anena zilembedwe ndi kuwerengedwa pamaso pa onse asanabalalike. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi chakuti amene amagwiritsa ntchito malo oterewa tsiku ndi tsiku ndiwo safunsidwa. Mwana amene amasewerapo amadziwa pomwe madzi amadikha m'nyengo ya dzinja, mayi wogulitsa mandasi amadziwa njira yachidule imene anthu amadutsa popita kuchigayo, ndipo munthu woyenda panjinga ya olumala amadziwa kuti chipata chopapatiza chimutsekera kunja. Wojambula pulani ali mu ofesi sangazidziwe zimenezi ngati sanauzidwe, ndipo akamanga mpanda podutsa anthu, mpandawo udzabooledwa posakhalitsa. Nkhani ya ndalama yolowera muikambe poyera kuyambira pachiyambi, chifukwa ngakhale itachepa bwanji, ana a mabanja ambiri adzangoonera paki yawo kunja kwa waya.

Mphunzitsi wa kusekondale anayankha:

Chimene ndingatsindike ndi nthawi. Mu 1989 Wangari Maathai, mayi woteteza chilengedwe wa ku Kenya, ndi gulu lake la Green Belt Movement anatsutsa pulani yomanga nyumba ya nsanjika 60 mu Uhuru Park ku Nairobi, ndipo ngakhale ananyozedwa kwambiri, ntchitoyo inalephereka chifukwa anayankhula maziko asanakumbidwe. Kuno kwathu mu 2021 anthu ambiri anadandaula mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe itadulidwa pokulitsa msewuwo, koma madandaulowo sakanaimikanso mitengo imene inali itagwa kale. Popeza kwanuko zikhomo zakhomedwa, kalata yanu ipite sabata ino, ndipo mujambule zithunzi za malowo ndi kuwerenga mitengo imene ilipo lero.

Mayi wa ana atatu anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Ndakambirana ndi amayi anzanga a banki mkhonde ndipo tagwirizana kulemba kalatayo mawa madzulo. Anyamata a mpira avomera kuyenda nayo khomo ndi khomo kuti anthu asayine, ndipo Lolemba m'mawa tikaipereka kwa a khansala ndi ku khonsolo, pamodzi ndi pempho loti tione pulani ya malowa.