Bwanji eni magalimoto a 4x4 sakuwasinthasintha ngati kale?

Chiwongolero80:

Akuluakulu, funso langa likupita kwa inu odziwa magalimoto oyenda m'tchire ndi m'misewu yoipa. M'zaka za m'ma 1990, munthu akagula Land Cruiser 80, Patrol kapena Defender sankachedwa kuikweza, kuiveka matayala akuluakulu, kumangirira bampala yachitsulo ndi winchi, ena mpaka kuwonjezera mafuta pa pampu ya dizilo. Lero ma 4x4 ambiri akukalamba ali mmene anachokera ku fakitale. Kodi ndi eni ake amene asintha mtima, kapena magalimotowo ndiwo sakulolanso? Nanga wina akaumirira kukweza galimoto yatsopano, chimayamba kuwonongeka n'chiyani?

Sipanala19:

Magalimoto ndiwo asintha kwambiri achimwene, ndipo nkhaniyi imayambira kunsi kwake.

Land Cruiser 80 inali ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo, chitsulo chimodzi chogwira matayala onse awiri. Kuikweza inali ntchito yodziwika: masipuling'i aatali, ma shock aatali, mapaipi a mabuleki aatali, kutalikitsa panhard rod (chitsulo choletsa ekiselo kuyenda cham'mbali) kuti ekiselo ibwerere pakati, n'kubwezeretsa caster (kupendekera kwa pomwe tayala lakutsogolo limakhotera) kuti chiwongolero chisamayendeyende. Difu (magiya ogawa mphamvu ku matayala awiri) inkatsala pomwe inali, pakati pa matayala, choncho mashafti a m'kati mwa ekiselo sankakhudzidwa konse.

Land Cruiser 100 ya mu 1998 inabwera ndi IFS, pomwe tayala lililonse lakutsogolo limakwera ndi kutsika palokha, ndipo lero ma pickup ambiri ali choncho. Apa difu yakutsogolo imamangidwa ku chesisi. Mukakweza ndi mamilimita 50, difu imakwera limodzi ndi galimoto koma matayala amatsala pansi, ndiye mashafti a CV, otenga mphamvu ku difu kupititsa ku matayala, amazungulira atapendekera tsiku lonse. Choyamba kung'ambika ndi malabala okutira CV. Girizi amatayika, fumbi n'kulowa, CV n'kuyamba kugogoda pokhota. Imadzathyoka tsiku limene woyendetsa wapondereza moto pamwala chiwongolero chili chokhotera kumapeto.

Pali china chimene ambiri sachiganizira. Mtunda umene tayala la IFS lingayende mmwamba ndi pansi ndi wochepa, ndipo kukweza sikuutalikitsa. Mamilimita 50 amene mwakwerawo mwawachotsa pa mtunda umene tayala likanatsika polowa m'dzenje. Zotsatira zake, galimoto yokwezedwa imayamba kulendewetsa tayala m'malere msanga kuposa yosakwezedwa. Mukapitirira 50, upper control arm (mkono wam'mwamba wogwira tayala) imagunda sipuling'i, ball joint imafika pothera, camber (kupendekera kwa tayala cham'mbali) ndi caster sizibwereranso m'malo. Pamenepo mukufunika ma arm ena, zotsitsira difu ndi mamilimita pafupifupi 25, ndi alignment yatsopano.

Tsono tiwerengere matayala. La 265/65R17 ndi lalitali mamilimita 776, la 285/70R17 ndi 831. Kusiyana kwake ndi 7 pa 100 iliyonse. Chimene mwapindula kunsi kwa difu yakumbuyo ndi theka la kusiyanako, mamilimita 27 basi. Chimene mwalipira nachi: sipidomita ikamalemba 100 mumakhala mukuthamanga pafupifupi 107, mabuleki amagwira mofookerapo, mafuta amatha msanga, ndipo difu ya 3.9 imakoka ngati ya 3.6. Kuti mphamvu ibwerere pamafunika magiya a difu a 4.1 kapena 4.3, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa akasiyana transfer case (bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) imamangika. Ndipo tayala lalikululo limakhula bodi kuseri kwake pokhota, mpaka ena amadula chitsulo chogwira bodi. Munthu akaona ntchito yonseyi chifukwa cha mamilimita 27, amasiya.

Waya_ndi_Fyuzi:

Zimene anena a Sipanala n'zoona, koma zitsulo zili ndi mankhwala ake. Chimene chabweza anthu m'mbuyo kwambiri ndi makompyuta.

Galimoto ya lero ili ndi ESC, imene imagwira buleki ya tayala limodzi ikaona kuti galimoto ikuterereka. Ku United States ndi lamulo kuyambira magalimoto a 2012, ku European Union kuyambira Novembala 2014. ESC imayerekeza zinthu zitatu: liwiro la tayala lililonse, mmene chiwongolero chakhotera, ndi mmene galimoto ikutembenukira. Manambala ake anayesedwa pa galimoto ya msinkhu wa ku fakitale ndi matayala a ku fakitale. Mukakweza, chiwongolero nthawi zambiri chimatsala chopotoka pang'ono, sensa n'kumauza kompyuta kuti mukukhota pomwe mukuyenda molunjika. Ndiye ESC imalowerera pamalo osayenera, kapena kuyatsa nyale n'kudzizimitsa. Pamafunika kuwongola chiwongolero n'kuiphunzitsanso sensayo ndi makina a diagnostic.

Kenako pali radar kuseri kwa grille ndi kamera pagalasi lakutsogolo, zomwe zimagwira mabuleki zokha zikaona ngozi. Ku European Union galimoto yatsopano iliyonse ikuyenera kukhala ndi mabuleki oterewa kuyambira Julaye 2024. Radar imaloza patali kwambiri, moti ikapendekera ndi digiri imodzi yokha, pa mamita 100 imakhala yasokera ndi mamita pafupifupi 1.7. Kukweza kutsogolo kuposa kumbuyo, kapena kusamutsa radar kuiika pa bampala ina, kumafuna kuti iyesedwenso ndi zida zake. Bampala yachitsulo nayo iyenera kukhala yoyesedwa pa mtundu wa galimotoyo, chifukwa masensa a airbag amadalira mmene kutsogolo kumaphwanyikira. Yolimba mopitirira imasokoneza nthawi imene airbag iyenera kutuluka. Iyi si nkhani yoichepetsa ayi, ndi moyo wa anthu.

Ngakhale tintchito ting'onoting'ono tavuta. Kale nyale zowonjezera tinkazilumikiza ndi relay ku waya wa nyale zazikulu. Lero nyale zambiri za LED zimalamulidwa kudzera pa CAN bus (mawaya amene makompyuta a galimoto amalankhuliranapo), palibe waya woonekera wotengapo moto, ndipo mukaboola waya wolakwika dashibodi yonse imayaka. Batire lachiwiri la firiji ndi chimodzimodzi. Relay yakale imalumikiza mabatire magetsi akafika mavoti pafupifupi 13.3. Koma alternator ya lero imatsika mpaka cha m'ma 12.5 galimoto ikamayenda mwakachetechete kuti ipulumutse mafuta, ndiye relay imangoduladula, batire lachiwiri silidzadza ndipo limafa msanga. Yankho ndi chaja ya DC-DC ya maampu 25 mpaka 40, waya wonenepa bwino, ndi fyuzi pafupi ndi batire lililonse.

Nozulo:

Pa injini nkhani ndi yaifupi. Injini ya dizilo ya Land Cruiser 80, ya 1HZ ya malita 4.2, inkapereka 96 kW, n'chifukwa chake eni ake ankafunafuna turbo ndi kuwonjezera mafuta. Ya Hilux ya malita 2.8 kuyambira 2020 imapereka 150 kW, ndipo ya automatic 500 Nm, ikangotuluka m'fakitale. Njala ya mphamvu ija inatha.

Ndipo wofuna kuwonjezera amakumana ndi DPF, sefa ya mwaye imene imadziyeretsa potentha pafupifupi madigiri 600. Mafuta ochuluka ndi mwaye wochuluka, sefa imadzadza pafupipafupi, ndipo poiyeretsa injini zambiri zimathira dizilo wowonjezera m'masilinda. Wina amatsikira mu oyilo. Mukaona oyilo akukwera pa dipusitiki m'malo motsika, dziwani kuti wasungunuka ndi dizilo, ma bearing ali pachiswe. Kuchotsa DPF kapena zida zina zochepetsa utsi woipa, monga EGR ndi AdBlue, n'koletsedwa m'mayiko ambiri pa galimoto yoyenda pamsewu. Makompyuta a injini atsopano ambiri ndi okhomedwa, ndipo akagwidwagwidwa amasiya chizindikiro chimene dilala amachiona.

Sikelo_Sinama:

Ndiwonjezere kulemera, chifukwa apa mpomwe ambiri amaphwanya lamulo osadziwa.

Galimoto iliyonse ili ndi GVM, malire a kulemera kwake ikanyamula zonse, olembedwa pa kachitsulo ka pachitseko kapena pansi pa boneti. Magalimoto a lero amatuluka olemera kale ndi ma airbag, mipando yamagetsi ndi zotchinga phokoso, choncho mpata wotsala ndi wochepa. Tiyerekeze wagoni yololedwa kunyamula makilogalamu 700. Bampala yachitsulo 70, winchi 35, batire lachiwiri 30, keliyala ya padenga 30, madirowa 60, tenti ya padenga 60. Afika 285. Akuluakulu anayi ndi 320, tafika 605. Firiji yodzadza, kuphatikiza malita 40 a madzi, ndi 80 ena. Kwatsala 15, zovala ndi zida zisanalowe, ngolo isanakolekedwe. Komanso bampala ndi winchi zimakhala kutsogolo kwa ekiselo, motero ekiselo yakutsogolo imasenza kuposa kulemera kwake kwenikweni, ndipo nayo ili ndi malire ake. Masipuling'i olimba amawongola galimoto kuti isagwade, koma sasintha nambala ya GVM papepala.

Malamulo nawo anakhwima. M'madera ambiri a ku Australia, kukweza kupitirira mamilimita 50 pa sasipenshoni kumafuna chiphaso cha injiniya. Ku Germany zosintha zambiri zimayenera kuyesedwa ndi mabungwe ngati TÜV n'kulembedwa m'mapepala a galimoto. Ku European Union bampala zakutsogolo ziyenera kupambana mayeso oteteza oyenda pansi, zomwe zinathetsa msika wa zachitsulo zolimba zija. Pa warranty, ku United States lamulo la Magnuson-Moss la 1975 sililola kampani kukana zonse chifukwa choti mwaika chida china, koma ikasonyeza kuti chidacho ndicho chawononga giyabokosi, giyabokosiyo ndi yanu. A inshuwalansi nawo akhoza kukana kulipira ngati simunawauze zimene munasintha. Onjezerani kuti ambiri amagula pa ngongole kapena pa lease, galimoto yoti adzaibweza kapena kuigulitsa pakatha zaka zochepa, ndipo wogula yakale amakonda yosagwidwagwidwa.

Matope4L:

Ine ndikusiyana nanu pang'ono, akuluakulu. Mwafotokoza bwino zovuta, koma chifukwa chachikulu n'chakuti zimene anthu ankawonjezera, fakitale ikuziika yokha.

Jeep Wrangler Rubicon inatuluka mu 2003 ili ndi maloka a difu (okakamiza matayala awiri kuzungulira limodzi) kutsogolo ndi kumbuyo komanso low range (giya yamphamvu yoyendera pang'onopang'ono) ya 4:1. Discovery 3 inabweretsa Terrain Response, yosankhira mtundu wa malo oyendamo kuti kompyuta ikonze kayendedwe, mu 2004. Ranger Raptor ya 2018 inabwera ndi ma shock a Fox ndi matayala a 285/70R17 omwe aja awerengera a Sipanala, koma sipidomita, ESC ndi bodi zonse zitakonzedwera tayalalo, warranty ilipo. Bronco ya 2021 mukhoza kuitenga ndi matayala a mainchi 35. Pa madzi, Hilux imaloledwa kuwoloka akuya mamilimita 700, Ranger 800, Defender yatsopano 900. Ndipo traction control ya lero, imene imagwira buleki ya tayala lozungulira pachabe kuti mphamvu ipite ku linzake, imakwanitsa zambiri zimene kale zinkafuna loka, ngakhale pamiyala yaitali imatenthetsa mabuleki ndipo loka yeniyeni imaiposabe.

Taonaninso kuti pomwe galimoto ikulolabe, anthu sanasiye. Jimny ya 2018, Wrangler ndi Land Cruiser 70 zikadali ndi ekiselo yathunthu, ndipo zimasinthidwa kwadzaoneni. Pa zinazo chidwi chasamukira ku zomangirira ndi mabawuti: zitsulo zoteteza kunsi, tenti, firiji, kompuresa.

Chiwongolero80:

Zikomo nonse, ndamva. Ndiye kwa munthu wa double cab yatsopano ya IFS amene akufunadi kuyenda m'malo oipa, ayambire pati?

Sipanala19:

Ayambe ndi sikelo. Apachike zonse zimene amayenda nazo, thanki itadzadza, ayeze ekiselo iliyonse payokha. Popanda manambala amenewa, masipuling'i amasankhidwa mongoganiza, ndipo olimba kwambiri pa galimoto yopanda katundu amaidumphitsa n'kuchepetsa kugwira kwa matayala.

Kenako matayala a all-terrain a mtundu wa LT (olimba, a magalimoto onyamula katundu), a saizi yomweyo kapena kukulirapo kamodzi, pamodzi ndi kompuresa ndi geji. Kuphwetsa mpaka 1.8 bar pamiyala ing'onoing'ono ndi 1.2 bar mumchenga kumathandiza kuposa kukweza kulikonse. Angosamala liwiro, ndipo asatsike pansi pa 1.0 chifukwa tayala likhoza kuvuka pa limu pokhota. Akabwerera pa tala apopenso nthawi yomweyo, apo ayi tayala limatentha n'kuwonongeka m'kati. Chotsatira ndi zitsulo zoteteza sampu, transfer case ndi thanki, za mamilimita 3 ngati ndi chitsulo kapena 6 ngati ndi aluminiyamu. Aikenso pokokera poyesedwa, pomangidwa ku chesisi. Tizingwe tachitsulo ta ku fakitale tina ndi tomangira galimoto poinyamula, ndipo mpira wachitsulo wokolekapo ngolo sakokerapo ndi lamba wotamuka chifukwa ukathyoka umauluka n'kupha munthu. Ngati madzi ndi ambiri kumene amayenda, atalikitse timapaipi topumira difu ndi giyabokosi tikwere m'mwamba pansi pa boneti, chifukwa difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira imayamwa madziwo.

Kukweza kubwere pomaliza, ndipo kukhale mamilimita 40 mpaka 50. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itatsika n'kukhala pa matayala ake, chifukwa akamangidwa ili pa jeke labala amapotoka n'kung'ambika msanga. Kenako alignment, sensa ya chiwongolero, radar ndi kamera, kuloza kwa nyale, ndi kalata kwa a inshuwalansi. Akayenda makilomita 500 abwerere kukamangitsanso ma U-bolt a masipuling'i akumbuyo n'kuona ngati malabala a CV sakukhulana.