Sensa ya airbag pampando wa pasenja yandizunguza mutu

Abale ndithandizeni nzeru. Galimoto yanga ikuyatsa kalaiti ka airbag (chithumba cha mpweya choteteza munthu pa ngozi chija) pa dashibodi, mkazi wanga akakhala kutsogolo ikulembabe kuti airbag ili OFF ngati pampando palibe munthu, koma ndikaikapo chikwama chabe basi yayamba kulira kuti mangani lamba. Makaniko ataiika pa kompyuta akuti ndi sensa yoyeza kulemera ija ili mkati mwa siponji ya mpando, pulagi yachikasu ya pansi pa mpando ija tinaizula nkuipukuta koma palibe chasintha. Iye akuti angoikapo kachipangizo konamiza galimoto kuti nthawi zonse pali munthu wamkulu, ine mtima ukukana chifukwa airbag itha kuphulikira mwana atakhala pamenepo. Alipo anasinthitsapo sensa yokhayo osagula mpando wonse? Nanga mukasintha imafunika kuisetanso pa kompyuta?