Kodi bungwe la SAG-AFTRA limawachitira chiyani kwenikweni ochita mafilimu?

Wolemba Zisudzo: Akuluakulu, ndakhala ndi funso ili kuchokera mu 2023, pamene ochita mafilimu ku America ananyanyala ntchito kwa masiku 118 motsogozedwa ndi bungwe lawo la SAG-AFTRA. Mabungwe a aphunzitsi ndi anamwino ndimawamvetsa, chifukwa bwana ndi mmodzi ndipo malipiro ndi apamwezi. Koma wochita filimu lero ali kuno mawa ali uko, ndipo amene timawaona pakanema amaoneka kuti analemera kalekale. Nanga bungweli ntchito yake ndi yotani, ndipo mphamvu zolimbana ndi makampani ngati Disney ndi Netflix limazitenga kuti?

Mkonzi Wopuma: Bambo, chimene chakusocheretsani ndi nkhope zotchuka zija. Bungweli lili ndi mamembala pafupifupi 160,000, ndipo ambiri mwa iwo simungawazindikire ngakhale mutakwera nawo basi imodzi. Muli oyankhula mawu awiri okha m'filimu yonse, ongodzaza malo kumbuyo, odumpha pagalimoto m'malo mwa katswiri, ovina, oimba, opereka mawu ku makatuni, komanso owerenga nkhani ndi oulutsa mawu pawailesi. Oulutsa mawuwa analowamo chifukwa mu 2012 mabungwe awiri, Screen Actors Guild lomwe linayamba mu 1933 ndi AFTRA la anthu a wailesi ndi wailesi yakanema, anaphatikizana kukhala limodzi.

Ntchito yaikulu ndi kukambirana ndi makampani akuluakulu pamodzi, kudzera m'bungwe la makampaniwo la AMPTP, ndi kuika mlingo wa malipiro umene palibe kampani ingapereke zochepera apo. Wotchuka angathe kudzipezera zambiri payekha, koma wosadziwika amatetezedwa ndi mlingo umenewu. Mgwirizanowo umanenanso za nthawi: munthu ayenera kupatsidwa mpata wa chakudya asanapitirire maola 6, ndipo kawirikawiri ayenera kupuma maola 12 asanaitanidwenso, apo ayi kampani imalipira chindapusa. Makampani amaponyanso ndalama m'thumba la penshoni ndi la inshuwaransi ya zaumoyo, chinthu chofunika kwambiri m'dziko limene chipatala n'chodula zedi. Tsono taonani: mu 2023 membala ankayenera kupeza madola 26,470 pachaka kuti inshuwaransiyo imukhudze, ndipo oposa 80 mwa mamembala 100 alionse sankafikapo. Amenewo ndiye olemera anu aja.

Mayi Wapawailesi: A Mkonzi afotokoza bwino, koma asiya mtima wa nkhaniyi, womwe ndi ndalama zimene iwo amazitcha residuals. Izi ndi ndalama zimene wochita sewero amalandira filimu ikaonetsedwanso kapena ikagulitsidwa kwina, ntchito yojambula itatha kale. Kwa munthu amene amagwira ntchito milungu itatu kenako n'kukhala miyezi inayi akudikira foni, timacheke timeneti ndi timene timalipira lendi. Sizinabwere ngati mphatso. Mu 1960, pamene Ronald Reagan anali pulezidenti wa Screen Actors Guild, zaka 20 asanasankhidwe kukhala mtsogoleri wa dziko, mamembala ananyanyala ntchito ndipo anapeza gawo lawo pa mafilimu oonetsedwa pa wailesi yakanema, pamodzi ndi thumba la penshoni ndi zaumoyo.

Vuto la 2023 linali lakuti makampani oonetsa mafilimu pa intaneti anasintha zonse. Kale sewero lokondedwa linkabwerezedwa pa masiteshoni ambiri ndipo kubwereza kulikonse kunkabweretsa ndalama, koma pa intaneti sewero limangokhala pamenepo, malipiro ake sankakwera ngakhale dziko lonse litalionera, ndipo chiwerengero cha oonera makampani ankachisunga mwachinsinsi. Kuwonjezera apo, masewero amakono amakhala ndi zigawo 8 kapena 10 pachaka m'malo mwa 22 zakale, kutanthauza kuti masiku antchito anachepanso.

Za mphamvu zimene mwafunsa, zili pa lamulo lawo loyamba, lotchedwa Global Rule One, limene limaletsa membala kugwira ntchito kwa wopanga filimu amene sanasaine mgwirizano ndi bungweli, kulikonse padziko. Kampani ikafuna katswiri mmodzi wotchuka, iyenera kulandira malamulo oteteza gulu lonse. Mutu umodzi susenza denga, ndipo pano otchukawo ndi amene amasenza mbali yolemera.

Wa Kamera ku Johannesburg: Mayi, ndilolereni ndiike mbali ina, chifukwa chithunzichi chaoneka chosalala kwambiri. Kulowa m'bungweli kumafuna madola pafupifupi 3,000, kuwonjezera pa zopereka za chaka ndi chaka, ndipo munthu asanaloledwe kawirikawiri ayenera kukhala atagwirapo kale ntchito yapansi pa mgwirizano wa bungwelo. Akalowa, lamulo lomwe mwalitamandalo limamutsekera ntchito zing'onozing'ono zimene zinkamudyetsa. Ndiponso sitiraka ya 2023 sinapweteke makampani okha. Ojambula, oyatsa magetsi, osoka zovala ndi oyendetsa magalimoto anakhala miyezi opanda ntchito pa mkangano umene sunali wawo. Komabe sindikana phindu lake, chifukwa kuno ku South Africa ochita masewero amatengedwa ngati anthu odzilemba okha ntchito, ndipo bungwe la South African Guild of Actors lakhala likudandaula kwa zaka zambiri kuti sewero limabwerezedwa pakanema mwini nkhope osalandirapo kalikonse.

Mayi Wapawailesi: Zimene mwanena za ogwira ntchito kuseri kwa kamera n'zoona, ndipo sindingazichepetse. Koma tiyang'anenso zimene zinapezeka sitiraka itatha pa 9 Novembala 2023. Malipiro otsikitsitsa anakwera ndi 7 peresenti nthawi yomweyo, a odzaza malo kumbuyo ndi 11 peresenti, ndipo panakhazikitsidwa bonasi ya masewero oonedwa kwambiri pa intaneti. Chimene ine ndimachiona chachikulu ndi cha makina a AI, otsanzira nzeru za munthu: kampani singapange chifaniziro cha nkhope kapena mawu a munthu pa kompyuta n'kuchigwiritsa ntchito popanda chilolezo chake ndiponso malipiro. Si onse anakhutira, pakuti mgwirizanowo unavomerezedwa ndi 78 peresenti ya ovota, ndipo ambiri mwa okanawo ankati mpanda wa AI uli ndi mipata. Ife opereka mawu nkhani imeneyi imatisowetsa tulo, chifukwa mawu ndi osavuta kuwatsanzira kuposa nkhope.

Wolemba Zisudzo: Zikomo kwambiri nonse. Ndinkaganiza kuti ntchito yake ndi yofanana ndi ya COSOMA kwathu kuno, koma tsopano ndaona kusiyana: COSOMA imatolera ndalama za ntchito yopangidwa kale, pamene bungweli limakambirana za malipiro ndi maola kamera isanayatsidwe. A Mkonzi, ngati mungapeze mpata, mutifotokozereko mmene mgwirizano wa owerenga nkhani umasiyanirana ndi wa ochita mafilimu, popeza ndamva kuti iwo sananyanyale nawo mu 2023.